Rancho ya ku Tete kapena msika wa pa Ulongwe: yankho kwa mayi wothamanga m'mamawa

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ku Mozambique. Alemba motere:

"Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndili pantchito yoweruka cha m'ma 3 koloko masana. Chaka chatha kuchipatala anandiuza kuti BP yanga yayamba kukwera, ndiye ndinayamba kuthamanga m'mamawa, makilomita 5 kanayi pa sabata. Bambo akunyumba amagwira ntchito ku Moatize. Mwezi ukatha amabwera atagula rancho yonse (zogula za mwezi wathunthu) m'sitolo yaikulu ku Tete: mpunga, mafuta, nkhuku zowumitsa, masoseji, timadziti ta ana, nthawi zina ngakhale mbatatesi ndi anyezi. Ndalama zimathera komweko, moti pofika pakati pa mwezi ndimasowa yogulira masamba. Ine ndikufuna tizigula konkuno, koma iwo akuti za kumsika n'zosadalirika komanso ine ndilibe nthawi yozungulira m'misika. Kodi chakudya cha kumsika chingakwanire munthu wothamanga? Nanga nsapato za pakaunjika n'zoyenera kuthamangira?"

Mayi, choyamba musasiye kuthamangako. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 150 pa sabata ngati ali opepukirapo, kapena mphindi 75 ngati ali owefukitsa ngati kuthamanga. Inu ndi makilomita anu 20 mwapitirira kale pamenepo. Za rancho nazonso musade nazo nkhawa. Mkangano umenewu uli m'mabanja ambiri amene bambo ali ku malasha kapena mumzinda wa Tete pomwe mayi ndi ana ali kumtunda kuno, ndipo kawirikawiri onse awiri amakhala ndi mfundo. Bambo akunena zoona kuti kumsika kuli zinthu zina zofunika kusamala nazo. Inu mukunena zoona kuti ndalama zikuthera pa katundu amene sankafunika kukwera chapa (minibasi). Chofunika kukonza ndi mndandanda wa zogula, ndipo chinthu chilichonse chimene chili pamenepo muchifunse kumene chimalimidwa, nthawi imene chimatenga kuti chionongeke, ndi mtengo wake pa kilogalamu chikafika pakhomo panu.

Mbatatesi ndi anyezi sizifuna kukambirana kwambiri. Angónia ndi Tsangano ndi kumene kumachokera mbatatesi, nyemba, kabichi ndi matimati ambiri amene amatsikira ku misika ya ku Tete. Thumba limene bambo akubwera nalo mwina linatsika msewu womwewo sabata yapitayo, kapena linachokera ku South Africa. Mulimonsemo, mukulipirira ulendo wa galimoto pa chinthu chimene chikukumbidwa kuseri kwa nyumba yanu. Zimenezi zichoke pa rancho lero lomwe.

Nkhuku zowumitsa ndi masoseji ndiye zondidetsa nkhawa, ndipo nkhawa yake si ya ndalama yokha. Mumzinda wa Tete, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40. Nyama yosungunuka siyenera kukhala panja kupitirira maola awiri, ndipo kunja kukatentha kuposa madigiri 32, ola limodzi lokha. Tsono werengani ulendo wa nkhukuyo: mzere wolipirira m'sitolo, txopela (njinga yamoto ya matayala atatu) yopita pokwerera, kudikira kuti chapa idzaze, kenako makilomita oposa 200 mpaka Ulongwe, katundu ali pansi pa mpando pafupi ndi injini. Nkhuku yathunthu ikhoza kufika ili youma m'kati, koma khungu ndi mapiko zimakhala zitasungunuka ndi kufunda kalekale, ndipo pamenepo ndi pamene tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba timaswana. Kuibwezera mu firiji sikupha tizilomboto, kumangotigoneka. Masoseji, poloni ndi yogati zimafunda msanga kuposa nkhuku. Mukaona madzi ofiirira ataundana pansi pa pepala la nkhuku, dziwani kuti inasungunukapo n'kuumanso, ndipo chizindikiro chimenechi muzichiyang'ananso pa mafiriji a m'mabanka (timasitolo ting'onoting'ono) a konkuno, maka magetsi akakhala akuzimazima. Ngati bambo safuna kusiya kubweretsa nyama, agule bokosi losunga zozizira, aikemo mabotolo a madzi oundana, ndipo nyamayo ikhale yomaliza kugula. Koma kwa inu amene BP ikukwera, masoseji ndi poloni n'zodzaza mchere. Munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 5 a mchere pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuphatikizapo wobisika mu caldo (zokometsera ndiwo zogula) ndi m'nyama zokonzeratu. Nkhuku yamoyo yogula pamsika n'kuipha tsiku lomwelo ilibe mavuto awiri onsewa.

Tibwere ku mitengo, chifukwa apa ndi pamene mabanja amakangana popanda wina kugwira cholembera. Mtengo wolembedwa pa shelefu ku Tete si mtengo wa katunduyo pakhomo panu. Tiyerekeze kuti thumba la mpunga la makilogalamu 25 lili pa mametikali 1,500 ku Tete ndipo pa sitolo yopikulitsa ya pa Ulongwe lili pa 1,650. Kusiyana ndi 150. Ngati wa chapa alipiritsa 100 ya katundu, wa txopela n'kuwonjezera 50 chifukwa cha kulemera, phindu latha, ndipo bambo avutika ndi thumba pachabe. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu enieni. Njira yake ndi imodzi: gawani mtengo ndi makilogalamu kapena malita, kenako onjezani zonyamulira. Chitani zimenezi pa zinthu khumi zokha zimene zimadya ndalama zambiri, monga mpunga, mafuta, shuga, sopo, ufa wa tirigu ndi matewera ngati muli ndi wamng'ono. Mudzapeza kuti pa zina sitolo yaikulu ikupambanadi, makamaka ikatsitsa mitengo kumapeto a mwezi, ndipo zimenezo zitsale pa rancho. Chomwe chimadya ndalama m'sitolo yaikulu kawirikawiri si mpunga. Ndi zinthu zimene munthu sanalembe koma waziona podutsa: mabisiketi, timadziti, tchipisi ta m'mapepala, zotsitsidwa mtengo chifukwa tsiku la pa "validade" layandikira. Bambo amene wakhala milungu itatu osaona ana ake savutika kudzaza ngolo ndi zoterezi, ndipo sitingamudzudzule.

Pali zinthu zitatu zimene ndimalangiza kuti muzigula zomata kufakitale, kaya ku Tete kaya konkuno: mafuta ophikira, shuga ndi mchere. Kuyambira mu 2016, lamulo la dziko lino limafuna kuti mafakitale aziwonjezera mavitamini ndi michere m'mafuta, shuga, ufa wa tirigu ndi ufa wa chimanga. M'mafuta ndi shuga mumakhala vitamini A, amene amaonongeka ndi kuwala kwa dzuwa. Mafuta oyezera m'timabotolo tamadzi n'kuwayanika pa benchi tsiku lonse amakhala ataluza mbali ina ya vitaminiyo, ndipo simungadziwe ngati sanasakanizidwe ndi okazingira kale. Mchere ukhale wolembedwa kuti uli ndi ayodini ndipo muzisunga m'chitini chotseka, pakuti ayodini amauluka mchere ukakhala pamtunda. Kumadera okwera, kutali ndi nyanja yamchere ngati kuno, nthaka imakhala ndi ayodini wochepa, ndipo kusowa kwake ndiko kumayambitsa chithokomiro komanso kubwezera m'mbuyo nzeru za ana.

Bambo asabwere chimanjamanja ayi. Kumunsi kuli zinthu zimene kuno n'zodula kapena zosowa, ndipo zambiri sizili m'sitolo yaikulu, zili m'misika ya mumzinda monga wa Kwachena. Matemba a ku Cahora Bassa, amene ambiri amawatcha kapenta, ndi nsomba zouma za chicoa zimayenda ulendo wautali osaonongeka. Malambe ndi masau, zomwe zimabala kwambiri m'chigwa cha Zambezi, zili ndi vitamini C wochuluka, ndipo malambe osungunula m'madzi owiritsa, shuga pang'ono, amalowa bwino m'malo mwa timadziti ta m'makatoni. Chicoa chokha chili ndi mchere wambiri. Chinyikeni m'madzi kwa maola awiri kapena atatu, musinthe madziwo kawiri, ndipo pophika musathirenso mchere kapena caldo.

Chimanga ndi nyemba musazigule mwezi ndi mwezi ngati mungathe. Mtengo umakhala pansi anthu akangokolola, kuyambira Meyi mpaka Julayi, ndipo umafika pamwamba mu Januwale ndi Febuluwale. Banja la anthu asanu lodya nsima kawiri pa tsiku limamaliza pafupifupi thumba limodzi la makilogalamu 50 pa mwezi, ndiye ndalama ya rancho ya mwezi umodzi kapena iwiri ya nthawi yokolola, kapena ya chipereganyu ikakugwerani, ikhoza kukugulirani chakudya cha miyezi yambiri. Pogula, samalani ndi muyezo. Lata ya malita 20 ikadzaza chimanga chouma imalemera makilogalamu 17 kapena 18. Lata zina zimakhala zophwanyidwira m'kati pansi, zina zodulidwa mlomo n'kupindidwanso bwinobwino. Tengani ndowa yanu ya malita 20 kapena kasikelo kokoloweka ka m'thumba. Wogulitsa wachilungamo sakwiya nazo. Lumani njere imodzi: youma bwino imathetheka, yaiwisi imaphwanyika mwakachetechete, ndipo chimanga choterocho chimachita nkhungu m'thumba. Njira ina ndi kuika njere zodzaza dzanja m'botolo louma la galasi pamodzi ndi mchere wouma, n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chiyanikidwenso. Sungani m'matumba osalowa mpweya aja a mapepala awiri m'kati, omanga lililonse palokha, pa thandala osati pansi penipeni, ndipo anankafumbwe amafa okha popanda mankhwala. Kuchigayo muzipita ndi cha milungu iwiri yokha ngati mukugayitsa mgaiwa, chifukwa mtima wa chimanga uli ndi mafuta amene amayamba kununkha ufa ukakhalitsa.

Tsopano mfundo ya bambo ija, yoti za kumsika n'zosadalirika. Zina mwa zoopsa zake n'zenizeni, koma pafupifupi zonse zimaoneka ndi maso kwa munthu wodziwa poyang'ana, pomwe za m'pepala lomata simungazione.

Mtedza ndiwo woyamba. Wofwapa, wosweka, wakuda kapena wonunkha chinyontho umakhala ndi chuku, chiphe chimene sichitha ndi kukazinga kapena kuphika, ndipo chimaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Musagule nsinjiro zosinjasinja kale, chifukwa mtedza wotsalira posankha ndi umene ena amasinja. Gulani wathunthu, musankhe nokha pa lichero, oipawo mutaye, musapatse nkhuku. Matimati ndi kabichi za kudimba zimapoperedwa mankhwala pafupipafupi, makamaka nthawi yamvula. Mukaona fumbi lachikasu kapena lobiriwira pafupi ndi kamtengo ka tomato, ndi mankhwala amene apoperedwa posachedwa. Tsukani m'madzi ambiri mukupukuta ndi zala, ndipo kabichi muchotse masamba awiri akunja. Zodya zosaphika zitsukidwe ndi madzi othira mankhwala oyeretsera madzi a Certeza, ndipo kukamveka kolera, phikani zonse. Mbatatesi zobiriwira khungu kapena zophukira zili ndi chiphe chowawa chimene chimadwalitsa m'mimba. Zobiriwira pang'ono sendani mozama, zobiriwira kwambiri tayani, ndipo kunyumba zisungeni pamdima, kutali ndi anyezi. Dzira lokayikitsa liikeni m'kapu ya madzi: latsopano limagona pansi, loyandama litayidwe.

Nyama ya nkhumba ifuna diso lakuthwa kuno kwathu, kumene nkhumba zambiri zimangoyendayenda. Yang'anani mnofu, lilime ndi mtima ngati muli timatuza toyera tokula ngati njere ya mpunga, masese aja. Nyama yotero musagule ngakhale itatchipa motani, chifukwa imapatsa munthu njoka ya m'mimba imene mazira ake akalowa m'thupi angafike mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Nyama iliyonse igulidwe m'mawa tsiku lomwe yaphedwa, ndipo ipse mpaka m'kati musatsale kufiira. Mkaka wa ng'ombe wogula kwa alimi uwiritsidwe. Nsomba zouma zinunkhe nsomba. Zikamanunkha mankhwala ophera tizilombo, zisiyeni.

Chitetezo chachikulu kumsika ndi kukhala ndi anthu anu. Sankhani mayi mmodzi wa masamba, mmodzi wa nyemba ndi mtedza, bambo mmodzi wa nyama, ndipo muzibwerera kwa omwewo. Wogulitsa amene akudziwa kuti mubweranso Loweruka sangakupatseni tomato woola pansi pa mulu, amakuuzani tsiku limene anapopera, amakuikirani basela, ndipo mukhoza kumuimbira kuti akusungireni. Chokhacho, musayambe kabuku ka ngongole. Wogula pangongole sanenerera mtengo ndipo sakana katundu woipa. Kugula kwa achibale nakonso n'kwabwino pokhapokha mutagwirizana mtengo poyera musanatenge.

Kodi chakudya chimenechi chikwanira wothamanga? Chikwanira ndi kutsala. Munthu wothamanga makilomita 5 safuna zakumwa zapadera kapena ufa wa m'zitini wa ochita masewera. Mphamvu zothamangira zimachokera ku nsima, mbatata, mbatatesi, mpunga ndi nthochi. Zomanga thupi, munthu wochita masewera amafuna pafupifupi galamu 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndiye mayi wolemera makilogalamu 65 afuna magalamu pafupifupi 80 pa tsiku. Kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi magalamu pafupifupi 15, mazira awiri 12, matemba odzaza dzanja limodzi lalikulu pafupifupi 18, mtedza wodzaza dzanja 7, ndipo nsima ya tsiku lonse imawonjezerapo 20 kapena kuposa. Mwatsala pang'ono kufika popanda soseji ngakhale imodzi. Soya, amene amalimidwa kwambiri ku Angónia, ali ndi zomanga thupi zoposa nyemba, koma ayenera kukazingidwa kapena kuwiritsidwa bwino asanagayidwe, apo ayi amatupitsa m'mimba ndipo thupi silimugwiritsa ntchito mokwanira. Magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya wokazinga zimapanga ufa wa phala wabwino kwa inu ndi ana omwe.

Musanatuluke m'mawa, imwani kapu ya madzi ndipo ngati mukumva njala idyani nthochi imodzi kapena kachidutswa ka mbatata yophika dzulo, mphindi 20 kapena 30 musanayambe. Nyemba, kabichi ndi zamafuta zidikire mukabwerako. Mukabwerako, phala lija lothira nsinjiro, kapena thobwa ndi dzira, pasanathe ola limodzi kapena awiri. Zakumwa zothira mchere zimene othamanga maulendo ataliatali amamwa si zanu. Pa mtunda wanuwo, komanso ndi BP yanuyo, madzi okha akwanira.

Chimene amayi othamanga amasowa kawirikawiri ndi ayironi, chifukwa amataya magazi mwezi ndi mwezi, kwinaku kuthamanga kukufuna magazi okwanira, makamaka kumalo okwera ngati Ulongwe kumene mpweya ndi wopepukirapo kusiyana ndi ku Tete. Ayironi ali m'chiwindi, nyama, matemba odya ndi mitu yomwe, nyemba, bonongwe, chisoso, khwanya ndi nkhwani. Wa m'masamba ndi nyemba amalowa bwino m'thupi mukadyera limodzi ndi tomato, ndimu, gwafa kapena malambe. Tiyi amatsekereza ayironi, ndiye musamamwe tiyi pamodzi ndi chakudya chachikulu, patsani mpata wa ola limodzi. Dziwaninso kuti ufa wa kuchigayo cha pamudzi ulibe ayironi wowonjezera uja wa ufa wa kufakitale. Mgaiwa uli ndi wake wachilengedwe woposa wa ufa woyera, ndiye ngati ana sakonda nsima ya mgaiwa, sakanizani theka ndi theka.

Nkhani ya nthawi ndi imene ingagwetse dongosolo lonse, chifukwa kupita kumsika tsiku lililonse n'kumene kumatopetsa. Maulendo awiri pa sabata akwanira. Loweruka konzani njira yanu kuti kuthamanga kuthere pamsika cha m'ma 7 koloko, pamene katundu wa kumadimba wangofika. Nyamulani kachikwama kakumsana kopanda kanthu ndi ndalama m'foni, pa M-Pesa kapena e-Mola, ndi zosintha pang'ono za amayi a masamba amene safuna za m'foni chifukwa cha ndalama yodulidwa potapa. Pobwerera yendani, musathamange ndi katundu kumsana kapena jumbo m'dzanja limodzi, chifukwa kumapotoza msana ndi kulemetsa mawondo. Kuyenda mphindi 15 kapena 20 ndi makilogalamu osapitirira 5 ndi njira yabwino yoziziritsira thupi. Zolemera zipite ndi wa kabaza amene mumamudziwa. Ulendo wachiwiri ukhale Lachitatu poweruka, wongogula masamba, tomato ndi nthochi. M'kati mwa sabata mumathamanga kusanache, ogulitsa asanayale, ndiye musadzivutitse kuphatikiza ziwirizi.

Nyemba phikani kamodzi zokwanira masiku atatu ngati muli ndi firiji. Zinyikeni usiku, maola 8 mpaka 12, tayani madziwo, zibwatitseni kwambiri kwa mphindi 10 zoyamba kenako muchepetse moto. Kunyika kumafupikitsa nthawi yophika ndi kupulumutsa makala. Kilogalamu imodzi ya zouma imatulutsa zoposa makilogalamu awiri zophika. Gawani m'timakontena, zina muumitse. Koma musasiye mphika pa mbaula n'kupita kothamanga ana ali mtulo, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene mawindo amakhala otseka chifukwa cha chisanu. Mpweya woipa wotuluka m'makala sununkha ndipo umapha. M'miyezi yomweyo kumachita nkhungu m'mawa, ndiye valani chovala chowala ndipo thamangani kudzanja lamanja la msewu kuti muziyang'anizana ndi magalimoto, popeza kuno amayenda kumanzere.

Nsapato. Yankho langa ndi lakuti ya pakaunjika yosankhidwa bwino imaposa yatsopano yachinyengo, koma imachepera kwa yatsopano yeniyeni. Nsapato yothamangira imatha pakati, pa siponji yochindikala ija ya pakati pa phazi ndi chopondera, osati pamwamba pomwe maso amathamangira. Siponjiyo imagwira ntchito makilomita 500 mpaka 800. Kwa inu, makilomita 600 ndi milungu 30, pafupifupi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ya pakaunjika mwini wake woyamba anadyapo kale gawo limene simukulidziwa. Ndiye ifufuzeni motere. Kanikizani siponjiyo ndi chala chachikulu kuchokera m'kati: yamoyo imabwerera, yakufa imakhala yolimba kapena yophwatalala, ndipo m'mbali mwake mumakhala makwinya ozama. Iikeni pa benchi yosalala n'kuiyang'ana kumbuyo: ikapendekera mbali imodzi, idzapendeketsanso phazi lanu. Finyani chidendene, chikhale cholimba. Ipindeni: ipindike pa zala pokha, osati pakati. Yang'anani pansi ngati mizere ya chopondera ikadalipo, chifukwa dothi lathu lofiira limaterera mvula ikagwa. Tulutsani kansalu ka m'kati muone ngati sanamate ndi guluu kapena kupaka utoto woyera kubisa kutha. Yesani nsapato zonse ziwiri madzulo, mapazi atatupa pang'ono, mutavala sokosi zothamangira, ndipo patsogolo pa chala chachitali patsale mpata wa chala chachikulu cha m'manja. Mukagula, chapani ndi sopo n'kuyanika mpaka ziume kwambiri, kuopa matenda a pakhungu. Pitani tsiku limene belo latsegulidwa. Ngati zitheka gulani mapeya awiri otchipa n'kumasinthanitsa, chifukwa nthawi yamvula ina imakhala ikuuma.

Bambo asakugulireni nsapato ku Tete inu kulibe. Manambala amasiyana malinga ndi kampani, ndipo nsapato yothina imadetsa zikhadabo ndi kutulutsa matuza. Ngati palibe njira ina, pondani papepala, wina ajambule phazi lanu lonse, muyeze masentimita kuchokera kuchidendene mpaka chala chachitali, ndipo awonjezerepo sentimita imodzi. Chinthu chimene ndinganene kuti mugule chatsopano, ngakhale chidule, ndi kamisolo yolimba yothamangira, pakuti ya pakaunjika lasitiki yake imakhala itatha.

Polankhula ndi bambo, musayambe ndi mawu akuti akuononga ndalama. Kwa mwamuna wokhala kutali, kutsika chapa ndi majumbo odzaza ndi njira yoonetsera ana ndi anansi kuti akusamala banja, ndipo mukawalanda zimenezo adzamva ngati mwawachotsa pampando. Apatseni mndandanda watsopano: nsomba, malambe, mafuta, shuga, sopo ndi chilichonse chimene masamu anu aonetsa kuti n'chotchipa kumeneko, kuphatikizapo kanthu kamodzi kosangalatsa ana. Ndalama yotsalayo aitumize pafoni m'magawo anayi, sabata ndi sabata, osati yonse pamodzi. Vuto lanu losowa ya masamba pakati pa mwezi limathera pamenepo. Pemphani kuti muyese kwa miyezi iwiri, mukulemba m'kope chilichonse chogulidwa ndi chilichonse chotayidwa chifukwa choola. Loweruka limene ali pakhomo, apite nanu kumsika pamodzi ndi ana, wamkuluyo azigwira ndalama ndi kuwerenga chenji. Ndalama imene mwapatsa mayi wa kudimba imakalipira wa kabaza, wa chigayo ndi telala wa konkuno, ndipo bambo akaona nkhope za anthuwo mfundoyi safunanso kuifotokozeredwa. Komabe musaganize kuti chilichonse cha pa banka ya pafupi n'chakwathu. Sopo, mpunga ndi mafuta zambiri zimachokera ku Beira, Maputo kapena kutsidya kwa malire kudzera pa Calómuè, ndipo pa zimenezo chofunika ndi mtengo ndi tsiku lothera basi. Mukapeza sitolo, yaikulu kapena yaing'ono, ikugulitsa katundu wodutsa tsiku kapena wofufutidwa tsiku, kadziwitseni oyendera malonda a boma kapena ofesi ya boma yoona zachuma ya SDAE.

Za thupi lanu, pali zizindikiro zosafunika kudikira. Mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa pothamanga, chizungulire, kukomoka, mtima kugunda mosalongosoka, kapena mutu waukulu ndi kusaona bwino, imani ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukamatopa kuposa kale pa mtunda womwewo, m'maso ndi m'manja mukuyera, kapena mukulakalaka kudya dothi, kayezetseni magazi musanagule mapilisi a ayironi pa nokha, ndipo ayezenso malungo. Msambo ukasiya miyezi itatu musali oyembekezera, mwina mukudya zochepa kuyerekeza ndi ntchito imene thupi likugwira. Kupweteka kwa pamalo amodzi pa fupa la mwendo kapena phazi, koti mukhoza kuloza ndi chala chimodzi ndipo kukukula tsiku ndi tsiku, kungakhale kung'aluka kwa fupa, ndiye siyani kuthamanga mpaka akuoneni. Ngati mukufuna kuwonjezera mtunda, musapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi pa sabata. Mwana akatsekula m'mimba ndi magazi, akamasanza chilichonse kapena akafooka atadya nyama yokayikitsa, mpatseni madzi a ORS muli pa ulendo wopita kuchipatala.

Ngati anakupatsani mankhwala a BP, musawasiye chifukwa choti mwayamba kuthamanga ndi kuchepetsa mchere. Kayezetseni kamodzi pa mwezi, mutakhala pansi mphindi zisanu ndipo patapita theka la ola kuchokera pamene munathamanga kapena kumwa tiyi, lembani manambalawo kumapeto kwa kope lomwe lija la zogula, ndipo mukaonetse adokotala kuti iwo ndiwo aone ngati mlingo wa mankhwala ungasinthe.